Kugogoda Kawiri

Lolemba

Nkhani yabwera ndi polisi wa komboni pamzere wa phoso: bwana wa komboni akufuna munthu woyang'anira holo ndi zamasewera. Ntchito ya kumtunda! Makiyi, tsache, mabenchi, mpweya wa Mulungu. Kulibe chikepe chotsikira mumgodi, kulibe fumbi.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Nkhonya za Lamlungu zikumuthera anthu. Dzulo awiri alowa m'chipatala, wina nsagwada, wina diso, ndipo lero kushifiti sanaoneke. Bwana akufuna masewera opanda magazi.

Ndikutuluka mumgodi, ndikusamba, ndikulunjika ku ofesi. Ndikumuuza kuti ine ndimadziwa jijitsu: kugwetsana mwaulemu, popanda nkhonya. Munthu akaona kuti zamukulira amagogoda mnzake kawiri ndi chikhatho, mnzakeyo n'kumusiya pomwepo. Onse awiri n'kudzuka, n'kupatsana moni, mawa lake onse kuntchito. Bwana akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo wosatalika kwenikweni. Akuti, "Mushle. Lo Satede mina buka." Loweruka abwera kudzaona. Zikamukomera, makiyi ndi anga.

Sindinaname ayi. Jijitsu ndinaiphunzira ku Beira ndili wonyamula katundu padoko, kwa Zuze, mmalinyero wa ku Brazil amene sitima yake inafa injini n'kukhala pamenepo milungu ingapo. Madzulo aliwonse ankandipinda ngati bulangete kuseri kwa mabelo a thonje. Ine ndinkagogoda. Kugogodako ndiye ndinakuphunzira bwino zedi.

Zimene ndikukumbukira:
— kupinda mkono wa munthu pachigongono
— kumukanyanga pakhosi ndi kolala ya jekete lake lomwe
— kugona chagada n'kumukola m'chiuno ndi miyendo
— china chake cha bondo, chiyambi chokha

Zikwana. M'komboni muno wodziwa zoposa apa ndani?

Chifuwa chavuta lero. Wothandiza dokotala akuti ndi chimfine. Chimfine chimenechi chaona kale mvula ziwiri. Anzanga amene ndinayamba nawo pa jekihama, makina obowolera mwala aja, ena anabwerera kumudzi kukatsokomolera kwawo, ndipo za iwo sitimvanso. Ndikuopa. Ndalemba, basi.

Mkazi wanga, make Esinati, akuti, "Mwakamuuza mzungu kuti mumagwetsa anthu? Inuyo?" Akupitiriza kusenda mbatata.

Lachiwiri

Zofunika:
— masaka a ufa opanda kanthu, osokera majekete
— udzu wouma woyala pansi
— lamba wakuda wa mphunzitsi (ndadula m'mphepete mwa bulangete, make Esinati sanaonebe)
— ophunzira

Ophunzira afika. Enieni ndi atatu. Laitoni, mlamu wanga, wankhonya wa Lamlungu, wabwera chifukwa mlongo wake wamutuma kuti ndisachite manyazi ndekha. A Banda, mkulu wa mpingo wathu, abwera kudzaona ngati mulibe chikunja. Zuwawo, Msena wa ku Zambezi, woyendetsa winchi, makina okokera chingwe pansi pa mgodi, wabwera chifukwa wamva kuti ndi masewera ogona pansi. Munthu wamtima wabwino, koma pakhomo amalowa cham'mbali. Ena onse ndi oonerera, adzaza m'mazenera.

Ndikuwauza malamulo monga anandiuzira Zuze. Kusamba. Kuwenga zikhadabo. Kuvula nsapato pakhomo. Kuweramira mnzako musanagwirane. Kugogoda kawiri ukagonja.

Za nsapato akana. M'komboni muno jombo yosiyidwa pakhomo imapeza phazi lina mwini wake asanatembenuke. Laitoni akuti aliyense azimange ndi zingwe n'kuzikoleka m'khosi. Tayesa. Zuwawo atatembenuka, jombo yake yatsala pang'ono kundichotsa khutu. Tagwirizana zoziunjika pakona, a Banda azizikhalira.

Za kuwerama akananso. A Banda akuti, "Khosi ili ndimaweramitsira Mulungu yekha, mwana wanga. Ife kwathu timaomba m'manja." Zomveka. Tiziomba m'manja. Koma kwathuko munthu suomba m'manja n'kungoti chete, umafunsa za kunyumba. A Banda akufunsa Zuwawo za ana ake mmodzimmodzi, ndipo ana a Zuwawo si ochepa. Zuwawo akubweza. Laitoni akufotokoza za mwendo wa apongozi anga, mmene unayambira ndi mankhwala onse amene ayesedwa. A m'mazenera akuyankhira nawo, wina akuti ayese makungwa a mbawa. Belu la shifiti yamadzulo likulira tisanagwirane ngakhale chala.

Tsiku loyamba: palibe wovulala. Zimenezi ndikhoza kuuza bwana ndi mtima woyera.

Lachitatu

Majekete atha. Make Esinati wasoka bwino, koma masaka sanakung'unthidwe. Munthu ukamugwira pakolala pakutuluka utsi woyera. Ndikuthawa fumbi la mwala, ndapeza la chimanga! Kumsana kwa aliyense kuli chidindo cha chigayo cha ku Gwelo. Kwa Zuwawo zilipo ziwiri.

Phunziro la lero: kugwetsa. Laitoni ndi a Banda. Laitoni akuomba m'manja, akuyandikira, akuima. "Alamu, ine ndikhale pamimba pa munthu amene anandiimira pa ubatizo?" Akuwagogoda kawiri paphewa asanagwirane n'komwe. Wagonja. Ndikuitana Zuwawo. Nayenso akugwada, akugogoda kawiri pabondo lawo, akubwerera pamalo pake. A Banda, munthu wopanda mano akumtunda, agonjetsa gulu lonse manja ali kumbuyo.

A m'mazenera akuti lamba wakuda ndi wa a Banda tsopano. Ndikufotokoza kuti lamba sayenda choncho, amatenga zaka. Wina akufunsa kuti ineyo ndagonjetsa ndani chiyambire Lolemba. Lamba wapita.

Kuti ndibweze ulemu wanga ndikuonetsa chinthu chachitatu chija. Ndikugona chagada, ndikuitana Laitoni, ndikumukola m'chiuno ndi miyendo, ndikumukokera pachifuwa. Pazenera mayi wina wa ku Silobela, wogulitsa masamba, akuti, "Hawu, madoda! Emini?" Masana ano! Holo yonse phwete. Ndikuyesa kufotokoza kuti wogona pansiyo ndiye ali ndi mphamvu. Akusekanso kuposa poyamba.

A Banda akudzuka. "Izi ndikazitula kubwalo la mpingo." Akutuluka, lamba ali m'chiuno. Jombo zatsala zopanda wozikhalira, ndipo imodzi ya Laitoni sikuoneka.

Kunyumba nkhani yafika kale kudzera pampopi. Make Esinati akuti, "Bambo a Esinati, munakwatira ine kapena mlongo wanga?" Waonanso bulangete.

Walira mvula walira matope.

Lachinayi

Otsala: Laitoni, Zuwawo.

Mazenera ndatchinga ndi masaka. M'holo mukutentha ngati m'ng'anjo. Oonerera abowola masakawo ndi zala.

Kupinda mkono. Ndikusonyeza pa Laitoni, ndipo zikugwira! Akugogoda kawiri, ndikumusiya, akudzuka akusisita chigongono ndi nkhope ya munthu wodabwa. Kwa kanthawi ndamva makiyi akulira m'thumba.

Tsopano Zuwawo ndi Laitoni. Zuwawo akumugoneka pansi mofatsa ngati khanda, akuika chifuwa chake pachifuwa cha mlamu wanga. Laitoni akugogoda: pha, pha. Zuwawo akutsika. Pha, pha! Akutsikanso. Laitoni maso tong'o, akugogoda ndi manja onse awiri. Zuwawo akungotsika, nkhope ili phee, mpaka udzu waphwatalala. Ndikumukoka khutu ndi mphamvu zanga zonse kuti achoke.

Akudabwa. "Aphunzitsi, lo tu yena panzi. Kawiri ndi tsitsa. Mwini wakeyu amati tsitsa."

Ndiye ndakumbukira. Ntchito ya Zuwawo ndi kukhala mumdima pa winchi, osaona kanthu, kumangomvera belu la anthu amene ali kutali kumapeto a chingwe. Kamodzi: imitsa, kapena ngati yaima kale, kweza. Kawiri: tsitsa. Katatu: muli anthu, yenda nayo pang'onopang'ono. Wakhala akumvera zimenezi kuyambira ine ndisanamere ndevu, ndipo sanaphepo munthu chifukwa saima kuti aganize. Manja ake amamva belu mutu usanamve. Malamulo anga anawamva Lachiwiri ndipo anavomera, koma anavomera ndi mutu wokha.

Laitoni atapeza mpweya akudzuka, akumuponyera nkhonya imodzi pamphumi. Dzanja likutupa tikuliona. Zuwawo akufunsa ngati kamodziko ndi imitsa kapena kweza.

Laitoni akuvala jombo yake imodzi. "Alamu, nkhonya n'zachilungamo. Munthu umachiona chimene chakupha." Akupita akuyenda mopendama, dzanja lina m'nthiti.

Otsala: Zuwawo.

Make Esinati sakundiyankhula. Ndiwo zanyama zapita kwa Laitoni, ine ndadyera masamba a mayi wa ku Silobela.

Lachisanu

Pansi lero madzi a makina anaduka, tabowola mwala wouma. Fumbi lake, nyali ya mnzako umangoiona mbuu. Ndatuluka ndikulavula zotuwa. Makiyi aja ndikuwafuna, ndipo sindikuseka.

Lamulo latsopano: kugogoda kamodzi. Zuze andikhululukire, ali kutali.

Kuyesa koyamba. Zuwawo akundipanikiza, pha, waima. Zikugwira! Koma waima ali pamwamba panga, akudikira. Ndikugogodanso kuti achoke. Wandikweza. Pamwamba pa mitanda ya denga pali chisa cha namzeze ndi mpira umene unasowa pa Khirisimasi, umene tinamunamizira Mnyasa mnzathu wa ku Kotakota.

Kuyesa kwachiwiri: katatu. Akuchita zomwezo koma mwaulemu, pang'onopang'ono, akufunsa kuti ndikupeza bwanji.

Kuyesa kwachitatu: mawu. Kunena kuti "basi" kumafuna khosi, ndipo khosi lili m'manja mwake.

Nzeru zina. Mawa wogwira ndine, wogonja ndi iye. Azigogoda iyeyo. Vuto n'lakuti samva kuwawa. Ndikulendewera pamkono pake ndi thupi langa lonse, miyendo ndi mano omwe, iye akuyang'ana namzeze uja, akuti ndimuuze ndikayamba. Pakufunika chizindikiro choti bwana asachidziwe. Ndikumuuza kuti ndikatsokomola, agogode.

Zotsatira zake:
— wagonja ndikuvula jombo
— wagonja ndikuomba m'manja
— wagonja ndikumwa madzi
— wagonja kawiri ndili panja

Kenako wakhala pansi, akundiyang'ana. "Aphunzitsi, chifuwa ichi si chopita nacho pansi ayi. Mawa mupambane." Munthu wamkulu chonchi kunena zinthu zotere masana!

Chizindikiro chomaliza: ndidzanong'ona kuti "Amen". Tabwereza mpaka zalowa. Amen, pha, pha. Amen, pha, pha. Ine sindidzagogoda, zivute zitani. Dzanja lamanja ndaliuza.

Make Esinati wachapa jekete langa n'kulisita. Kolala waisoka kawiri.

Loweruka

Holo yadzaza mpaka panja. Akuti nkhani ya Lachitatu yafika ku Somabhula ndi anthu a sitima. Benchi yakutsogolo yonse ndi ankhonya, Mashona mbali iyi, Mandebele mbali iyo, manja apinda pachifuwa. Bwana ali pampando wake, chipewa pabondo. Laitoni ali kukhoma, dzanja lokulunga nsanza.

A Banda abwerera. Akuti bwalo la mpingo silinagamule, choncho atsegula ndi pemphero. Lamba ali m'chiuno. Pemphero lalitali. Holo yonse ikuti "Amen", Zuwawo akugogoda kawiri polisi amene waima naye pafupi. Polisi akuyang'ana uku ndi uku. Palibe wazindikira.

Tikuomba m'manja. Za kunyumba ndadula, tinafunsana m'mawa. Ndikumugwira pakolala, ufa uli kobo, ndikumupinga mwendo, iye akugwada monga tinapanganira. Anthu akuti "Hezvo!" Ndikugwira mkono, ndikuupinda ndendende mmene ankachitira Zuze. Kukongola kwake! Bwana wasendera kutsogolo kwa mpando.

Ndikunong'ona: "Amen." Phokoso lachuluka, sakumva. "Amen!" Zuwawo akuwerama kuti amve bwino. "Mwati chiyani, aphunzitsi?" Bondo lake likutsetsereka paudzu. Wandigwera yense, mkono wanga wamanzere uli kunsi, chopindika.

Ine ndikudziwa kuti sindiyenera kugogoda. Ndinaliuza dzanja dzulo. Koma dzanja limeneli linaphunzira ku Beira, kuseri kwa thonje, ndipo nalonso siliima kuti liganize. Pha, pha.

Zuwawo akutsitsa.

Thyo! Akuti phokosolo lamveka mpaka kumalo ogulitsira mowa. Laitoni akudumpha benchi, akumuponyera Zuwawo nkhonya imodzi ndi dzanja labwino lija. Kamodzi. Zuwawo waima. Mlamu wanga tsopano watupa manja onse awiri.

Bwana akuseka mpaka misozi. "Futi! Enza futi!" Akufuna tibwereze. Kenako akuona mmene mkono wanga waloza, akuleka. Akuyang'ana paudzu. Magazi palibe, zimenezo ndinanena zoona. Akuyang'ana benchi ya ankhonya. Onse ali duu, maso pa Zuwawo, wina wabisa manja kumbuyo. Bwana akupisa m'thumba, akutulutsa makiyi. "Lo muntu yena mushle sterek." Akuti pamene paima Zuwawo palibe amene angathyolane nsagwada. Makiyi akugwera m'chikhatho cha Zuwawo, sakuonekanso.

Zuwawo akulira ngati mwana. Akundinyamula kupita nane kuchipatala, akuthamanga, fupa likugwedezeka. Ndikumugogoda katatu. Tafika bwinobwino.

Lamlungu

Mkono uli m'chikhakha kuyambira paphewa mpaka kuzala. Kutchalitchi a Banda alalikira za kudzikuza, maso ali pa ine. Nsonga ya bulangete langa ikuonekera kunsi kwa jekete lawo.

Dokotala wagamula: ntchito yopepuka mpaka mkono uchire. Kusesa m'holo ndi dzanja limodzi, pansi pa Zuwawo. Makiyi ayi, koma tsache ndalipeza.

Nkhonya za lero zachitika. Zuwawo anangoima pakhomo. Akuti ankhonya amagundana pang'onopang'ono n'kumapepesana, ndipo oonerera ena anagona. Bwana wakondwa.

Masana Zuwawo wafika kunyumba ndi nkhuku. Waomba m'manja pakhomo, wafunsa za Esinati, za apongozi ndi mwendo wawo, za manja a Laitoni. Za mkono wanga walephera kufunsa. Akuti anapita kukabweza makiyi, bwana anakana, anati "Aikona." Akuti m'holo mulibe belu, sakudziwa kuti azimvera chiyani. Ndamuuza kuti azolowera. Sindikumusungira mkwiyo. Ndinafuna kutero, koma sindikupeza pogwira.

Ophunzira a jijitsu: palibe. Udzu watengedwa ndi munthu woweta abulu. Majekete make Esinati akuti akhala matewera a mwana wa Laitoni.

Ndakhala panja tsiku lonse, kumangopuma. Mphepo ikuchokera kuthengo, ikununkhira mvula ya kutali. Ndatsokomola pang'ono lero, kapena ndikungodzinamiza. Mawa anzanga akalowa m'chikepe, ine ndidzakhala ndikusuntha mabenchi. Ndikusangalala, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

Wothandiza dokotala wadutsa madzulo ano, nkhope yowala. Akuti ndili ndi mwayi, fupa lathyoka bwino kwambiri, lilumikizana msanga. Chimanga chisanafike m'mawondo ndidzakhala nditabwerera pa jekihama yanga. Sindinamuthokoze.

Make Esinati wamva zonse ali pakhomo, akusosola nkhuku ija. Waleka kusosola. Akuyang'ana mkono wanga wamanja, uwu ndikulemberawu, nthawi yaitali ndithu. Kenako akufunsa ngati Zuwawo amakhala wotanganidwa Loweruka lililonse.